Nyimbo ya Kuseri kwa Mpando wa Anastazia

Petauke Boma,
17 Okutobala, 1982.

Okondedwa akulu anga a Abednego,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Luanshya. Kuno dzuwa latiwamba, moti ngakhale nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa. Ine thupi lili bwino. Ndayamba ndi thupi chifukwa ndi limene lili ndi yankho lalifupi.

Makalata anu onse ndinalandira, ndi yomaliza yomwe ija imene munandifunsa ngati dzanja langa lolembera linatsalira mu injini. Simunalakwe kundikalipira. Mukufuna kudziwa ngati mabeling'i a galimoto amene munanditumizira analowa. Analowa, akulu, ngati anabadwira momwemo. Ndikudziwa mmene munavutikira kuwapeza masiku ano pamene ngakhale sopo timachita kumuimira pamzere, choncho zikomo wanga ndi wochokera pansi pa mtima. Koma ndawaika sabata yomwe yathayi, osati mu Febuluwale pamene anafika. Miyezi yonseyi anali pashelefu m'pepala lawo lamafuta, ndipo chifukwa chake ndi chimene chandikhazika pansi lero titaweruka kutchalitchi.

Kagalimoto kanga mukukadziwa, kofiira kaja, kopanda denga, ka mipando iwiri, kamene mzungu wa fodya anandisiyira chaka cha ufulu katafera pansi pa mtengo wa mango. Anthu a pa Boma pano anakatcha Kaumbombo, ati galimoto yanji yosatha kunyamula wodwala pamodzi ndi womudikirira. Inu nomwe munati ndatola nsapato yokhala ndi injini. Koma ife tinalipo awiri okha, ine ndi alamu anu Anastazia, popeza Mulungu sanatipatse ana, ndiye mipando inkatikwana ndendende. Loweruka lililonse tinkatsika msewu wa tala kupita kwawo kufupi ndi Nyimba kukaona amayi ake. Iye ankamanga duku mwamphamvu kuopa mphepo, kathumba ka mchere kali pamiyendo, ndipo pobwerera pamiyendo pomwepo pankakhala nthochi kapena nkhuku.

Woyamba kumva phokosolo anali iyeyo, kumapeto kwa chaka chatha. Tili pa liwiro anandigwira mkono nati, "A Miti, motoka yanu yayamba kuimba kumbuyo kwanga kuno. Mufuna kuilowetsa kwaya?" Titafika kunyumba ndinaikweza pa jeke, n'kuzunguza wilo lakumbuyo lakumanzere, kamtengo kali kukhutu nsonga ina itagunda chitsulo. Beling'i ya ku wilo limenelo inali itayamba kudyeka, ndipo ina ya mu difu, muja mmene shafuti yochokera ku injini imagawira mphamvu ku mawilo, inalinso panjira yomweyo. Ndi pamene ndinakulemberani. Phukusi lanu linafika pa basi sabata imene tinagoneka Anastazia m'chipatala. Zotsatira zake munabwera kudzaona nokha pa maliro, ndiye sindibwereza.

Inu mutabwerera ku migodi ndi anthu onse atabalalika, m'nyumba munangoti zii. Sindinkadziwa kuti munthu mmodzi wamfupi ngati uja ndi amene ankadzaza nyumba yonse. Ku galaja zinkakhalako bwino chifukwa malole a thonje sadziwa zamaliro, amangofuna kukonzedwa basi. Koma Loweruka litafika ndinasowa pouika mtima. Ndinasesa pakhomo, ndinachapa malaya amene anali oyera kale, kenako ndinangozindikira ndili mu Kaumbombo ndalunjika ku Nyimba.

Nditangolowa mu tala n'kuponda mafuta, kuseri kwa mpando wakumanzere kunayamba kung'ung'udza. Anali mawu otsika, ofatsa, monga mmene Anastazia ankaimbira chotseka pakamwa akamasenda nsawawa pakhonde. Pokhotera kudzanja lamanja mawu aja ankakwera, ndipo mpomwenso mwini wake ankakwezera mawu kundidzudzula kuti ndikuthamanga. Pamtsetse, ndikachotsa phazi pa mafuta, difu inkalowetsapo kamawu kena kowonda pamwamba pake. Akulu, ine ndine makanika ndipo misala sinandigwire. Ndikudziwa kuti pokhotera kumanja kulemera kumagwera wilo lakumanzere, ndipo beling'i yodyeka ikalemedwa imalira. Ndingathe kukujambulirani zonsezi pa dothi ndi chala. Koma tisanafike pa mlatho woyamba ndinapezeka ndikuyankha. Ndinamuuza amene anabwera ku galaja sabata imeneyo, ndinamuuza kuti denga la kukhitchini layambanso kudontha, ndinamufunsanso kumene anaika singano. Tsiku limenelo ndinadya mokhuta koyamba chimuikire m'manda.

Kuyambira pamenepo sindinaphonye Loweruka. Kumudzi kwawo ankanditamanda, ati mkamwini uyu ndi wa mtundu wina, mkazi anamwalira koma iye saiwala njira. Ine ndinkangowerama n'kulandira ulemuwo, koma theka la ulemuwo linali la msewu. Anzanga a ku galaja akamva phokosolo ankandiseka kuti paja woumba mbiya amaphikira m'phale, ndipo ndinkaseka nawo. Zinali zopepuka kutchedwa waulesi kusiyana ndi kufotokoza. Phukusi lanu ndinalikankhira kuseri kwa zitini za penti kuti lisamandiyang'ane.

Tsono mwambo wa kwawo kwa Anastazia sunasiyane kwambiri ndi wa kwathu ku Katete. Mwamuna woferedwa amakhalabe munthu wa kwawo kwa mkazi mpaka tsiku limene adzamumete ndi kumusudzula, kenako amakhala mfulu, wopanda mlandu komanso wopanda malo pamudzipo. Langa analiika kuti lidzachitike akakolola, chimanga cha thobwa chikapezeka. Woyendetsa zonse anali alamu a Benson, mlongo wake wamkulu wa Anastazia, mwini mbumba, aja aatali amene anakukhazikani pa mpando wa ndalema tsiku la maliro.

Mu Julaye a Benson anabwera ku Boma kudzawotcheretsa khasu la pulawo, ndipo basi yobwerera inawasiya. Zaka zonsezi anali asanakwerepo Kaumbombo, ankati iwo si mwana woti azikhala m'beseni. Tsiku limenelo anasowa mtengo wogwira, anapinda miyendo yawo yaitali ija n'kukhala pa mpando wa mlongo wawo, chitsulo cha pulawo atachikumbatira. Tili m'fumbi la pa Boma ankacheza bwinobwino za mbewa ndi za feteleza. Titalowa mu tala nkhani inawathera pakamwa. Pa khona loyamba lakumanja mawu aja atakwera, anakuwa.

"Alamu, imililani! Imikani motoka!"

Ndisanaime n'komwe bwinobwino anali atalumpha kale chitseko, chipewa chili mu ngalande.

"Mwamvela lini? Muli munthu mu motoka umu!"

"Ni beling'i, alamu," ndinatero. "Kachitsulo ka ku wilo, kadyeka chabe."

"Kachitsulo? Kachitsulo kaimba monga mzimai wa chigwilizano? A Miti, mwana uja nam'beleka pamsana neo. Mawu ake niwaziwa."

Anakana kukweranso. Anakhala pamwala m'mbali mwa msewu mpaka lole ya makala inawatola. Akulu, jeke inali m'galimoto momwemo. Ndikanatha kukweza wilo lija, kuwapatsa kamtengo kuti amve okha pamene pakuchokera phokoso, nkhani ikanathera pompo. Sindinatero. Mtima wanga unali utadumpha ndi chimwemwe chopusa, choti kani si ine ndekha, winanso wamumva.

Loweruka lotsatira ndinapeza mudzi wonse ukundidikira pansi pa mtengo. Galimoto anandiuza kuti ndiisiye patali, kuseri kwa nkhokwe. Anandifunsa mwaulemu ndithu ngati panali mawu amene ndinasiyana nawo ndi malemu, kapena lonjezo limene sindinakwaniritse. Amayi ena anati akulirira mwana amene sanamubereke. Mkulu wina wa mpingo anaipempherera galimotoyo ataima kutali ngati ikuluma. Wina anati ingokankhidwira mumtsinje wa Luangwa. Pomaliza a Benson anagamula kuti munthu sangasudzulidwe mkazi wake akali kulira, choncho mwambo uyembekeze mpaka malemu atatonthola.

Nkhope yanga inaonetsa chisoni, koma ndisakunamizeni, chigamulocho chinandikondweretsa. Kwathu ku Katete kunatsala zitsa zokha, makolo anapita, inu muli kutali. Pamudzi paja ndi pokhapo padziko lino pamene ndikafika wina amathamangira kukatenga mpando, wina madzi, ndipo ana amakuwa kuti a Miti abwera. Ndinaona kuti beling'i ija ikapitiriza kulira ndikhala ndi zonse ziwiri, mawu a panjira ndi mpando wa pamudzi. Ndikangoisintha, zonse ziwiri zipita tsiku limodzi. Ndinasankha kukhala chete, ndipo ndinkangothira girisi wambiri kuti isafe msanga.

Chimene sindinachiganizire ndi apongozi anga, amayi ake a Anastazia. Nkhani ija itawafika anasiya kudya. Ankati iwo angameze bwanji chakudya mwana wawo akuzungulira pamsewu ngati wosowa kwawo, osafika kumene anzake amapumula. Loweruka lililonse ndinkawaonera patali akucheperachepera, chitenje chikuzungulira kawiri pamene chinkazungulira kamodzi. Nayo beling'i inali ikuipiraipira. Ndikafika, wilo linkatentha moti sungaligwire, ndipo oyilo anayamba kudontha mpaka kunyowetsa mabuleki. Ndinkadziwa kuti tsiku lina lidzakana kuzungulira ndili pa liwiro n'kunditaya m'phompho. Ndikuchita manyazi kulemba kuti zimenezo sizinkandiopsa kwenikweni.

Mukudziwa mmene timakhalira ndi apongozi aakazi. Chikwatirire sindinawayang'anepo kumaso, sitinakhalepo pa mphasa imodzi, ndipo tikakumana panjira wina ankapatukira kutchire. Tikafuna kulankhulana ankakhala kuseri kwa nkhokwe, ine kuno, mawu n'kumadutsa mwa munthu wina ngakhale tikumvana bwinobwino. Ndiye taganizani mmene mudzi unadzidzimukira kumayambiriro kwa mwezi uno pamene mayi aja anatuluka m'nyumba atafunda chitenje kumutu, n'kuyenda ndi ndodo yawo molunjika kuseri kwa nkhokwe kumene kunali Kaumbombo. Chogwirira chitseko sanachidziwe. Anaponya ndodo mkati, n'kukweza mwendo, n'kudzigwetsera pa mpando wakumanzere.

"Benson," anaitana nkhope itayang'ana kutchire, "uza apongozi ayendetse motoka. Nifuna nikamumvele neka mwana wangu."

"Amama, vingachitike lini ivo! Mukhale pamodzi na apongozi? Wanthu akambe chani?"

"Wanthu anabeleka Anastazia? Uza apongozi."

A Benson anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi, kenako ndinapita kukakwera. Akulu, kagalimoto kaja ndi kopanikiza. Pakati pa ine ndi apongozi panali ndodo ya magiya yokha, ndipo ndinkaisintha ndi nsonga za zala kuopa kukhudza bondo lawo. Iwo anapotolera thupi lonse kumanzere, chitenje atachigwira ndi mano kuti mphepo isachiulutse. M'kanjira ka fumbi simunamveke kanthu koma miyala yogunda pansi. Titakwera tala ndinaganiza zoyenda pang'onopang'ono kuti phokoso lisabwere, koma ndinaona kuti kumeneko kukhala kuwanamiza kawiri. Ndinaponda mafuta.

Mawu aja atayamba, mayi aja anaongoka. Anamvetsera nthawi yaitali osagwedezeka. Kenako anatulutsa chitenje pakamwa n'kuyamba kulankhula, osati mokuwa ngati a Benson, koma monga mmene mayi amalankhulira ndi mwana amene wakana kulowa m'nyumba.

"Anasi, nine amai ako. Ulila chani? Tinakusambika, tinakuvalika diresi yako ya chigwilizano, tinakuimbila mpaka mawu kutha. Chasala n'chani? Ukali moyo unakonda vo yendayenda na motoka, lomba wafa ukali pamseu. Ulibe nsoni?"

Tinafika pa khona lakumanja, mawu aja anakwera. Apongozi anati, "Ona, ayankha. Ni mwano wake uja." Atatero anayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi motsitsa, kutsatira kamvekedwe ka chitsulo chija, ndipo mawu awo okalamba ndi kulira kwa beling'i zinagwirizana moti ine msewu unasiya kuoneka. Ndinapatukira pansi pa mtengo, patali pang'ono ndi amayi ogulitsa nthochi, n'kuzimitsa injini. Zonse zinangoti zii.

Panalibe munthu wodutsiramo mawu, choncho ndinalankhula ndi chiwongolero.

"Amai, nikhululukileni. Si Anastazia. Ni chitsulo cha ku wilo chinadyeka. Chinzake chatsopano chili kunyumba, akulu anga anatumiza kale."

Anafunsa nkhope ikali kutchire.

"Kale liti?"

"Akali m'chipatala."

"Ndipo imwe ndimwe mukonza mamotoka ya Boma yonse."

"Inde, amai."

"Lomba mwachisungila chani?"

Ndinangogwira chiwongolero ndi manja awiri ngati mwana wogwidwa ndi dzanja mu shuga. Mayi aja anapuma mwamphamvu, ndipo mawu awo atabwera anali ndi ukali umene sindinawamvepo nawo.

"Neo nagona na njala, niganiza mwana wangu asowa njila, kansi ndimwe mwamugwila mwendo. Muganiza muli mweka amene mwafedwa? Chitsulo kapena chitsulo lini, neo va visulo niviziwa lini. Chamene niziwa n'chakuti mwana wangu walema. Mulekeni agone."

Ndinati ndamva, amai. Ndinaliza injini n'kutembenuza galimoto, ndipo pobwerera ndinayenda pang'onopang'ono kwambiri kuti ndisawapwetekenso mtima. Tisanapite patali anagogoda chitseko ndi ndodo yawo.

"Thamangankoni pang'ono," anatero, nkhope ili kutchire. "Nimumvele kosilizila."

Ndinathamanga, akulu.

Lolemba lapitali ndinatseka galaja, ndinauza eni malole kuti ndikudwala, ndipo sikunali kunama kwenikweni. Ndinakweza Kaumbombo pa zitsa zinayi za mtengo wa mubanga n'kutsitsa phukusi lanu pashelefu. Oyilo wa mu difu atatuluka anali ndi tinyenyeswa tonyezimira ngati mamba a tinsomba ta kapenta, chizindikiro choti chitsulo chakhala chikudya chinzake kwa nthawi yaitali. Ndinachotsa wilo ndi dilamu ya mabuleki, n'kusolola shafuti ya kumanzere. Beling'i yakale inali itakakamira, ndipo popeza makina oikankhira kuno tilibe, ndinachita kuing'amba ndi tchizulo. Ndinazengereza nyundo ili m'mwamba. Nditamenya inasweka kamodzi kokha, timipira take n'kumwazika pa simenti, tonse tili ndi zibowo ngati nyemba zofumbwa. Ndinatola mphete yotsalayo n'kuiyang'ana. Munalibe nyimbo mmenemo, munali dzimbiri ndi girisi wakuda.

Tsiku lachiwiri ndinamasula shafuti yaikulu ya pansi n'kutsitsa difu yonse, kuiika pa tebulo. Pamenepa mpamene Satana anandiyendera. Beling'i ya mu difu inali isanatheretu, ikanatha kuyenda mpaka dzinja. Ndinaganiza kuti ndikasintha ya ku wilo yokha, a Benson sadzamva kanthu, koma ine pamtsetse ndizimvabe kamawu kowonda kaja, kanga ndekha. Ndinaibwezeramo ndithu, mpaka ndinayamba kumanga. Kenako ndinakumbukira chitenje chozungulira kawiri chija, ndipo ndinamasulanso.

Zatsopanozo ndinaziwiritsa mu chitini cha oyilo pa mbaula kuti zifutukuke pang'ono, n'kuzitsetsereza pa shafuti zikali zamoto, ndikugogoda mozungulira ndi kapaipi. Ntchito imeneyi safuna phuma, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Nati ya mu difu ndinaimanga pang'onopang'ono ndikuzunguza ndi dzanja, mpaka inafika poti sikugwedera komanso sikuuma. Ndinaika zotsekera oyilo zatsopano, ndinatsuka mabuleki ndi petulo, ndinapaka girisi m'mfundo za shafuti yaikulu. Mtima unkafuna kuti china chilakwike, koma manja anga ndi opanda chifundo, sadziwa kugwira ntchito yoipa. Ndinamaliza Lachinayi dzuwa likupendeka.

Lachisanu m'mawa ndinakaiyesa galimotoyo. Imayenda ngati ya m'sitolo, akulu, mukanakhala pano mukanavula chipewa. Ndinamva injini, ndinamva mphepo, ndinamva matayala pa tala. Pa khona loyamba lakumanja ndinaponda mafuta mopitirira dala, ndipo palibe amene anandidzudzula. Ndinaitana dzina lake kamodzi. Kenako ndinatembenuza galimoto n'kubwerera ku galaja, kumene lole ya thonje inkandidikira ndi kalachi yakupsa.

Dzulo ndinapita kumudzi n'kuwauza kuti mawu aja aleka. A Benson anati sangakhulupirire za kumva, anakwera okha, dzanja lina litagwira chitseko mokonzeka kulumpha. Tinapita mpaka pa amayi a nthochi n'kubwerera, iwo khutu lili kuseri kwa mpando njira yonse. Titafika anatsika mwaulemu, anachita kutsegula chitseko, n'kuima pakati pa bwalo.

"Wagona," anatero. "Mlongo wathu wagona."

Amayi analuluta. Ndinayembekeza kuti apongozi aulula za chitsulo kuti anthu andiseke, ndipo kukanakhala kundilanga koyenera, koma sananene kanthu kwa wina aliyense. Ndinamva kuti anayamba kudya tsiku lomwe lija tinayenda. Thobwa anali ataphika kale, ngati ankadziwa kuti mawu awo sindiwaphwanya.

Anandikhazika pa mphasa, anandimeta, anandipaka ufa woyera pamphumi. A Benson anagwada patsogolo panga, munthu wamkulu ngati uja, nati, "A Miti, munatisungila bwino mlongo wathu, mu umoyo na mu matenda. Lelo takumasulani. Mukapeza mkazi kwatilani, kuno mlandu kulibe." Anthu anaomba m'manja, ndipo ine ndinaombanso, popeza ndi mmene amachitira munthu akapatsidwa ufulu.

Nditaimirira kuti nditsanzike, apongozi anabwera. Sanafunde chitenje kumutu, sanapatukire kumbali, sanaitane munthu wodutsiramo mawu. Anaima patsogolo panga n'kundiyang'ana m'maso, ndipo anandipatsa dzanja. Akulu, zaka zonsezi sindinkadziwa kuti mpata wa m'mano uja Anastazia anatengera amayi ake. Ndinagwira dzanjalo ndi manja awiri, ndipo ndinazindikira kuti akutha kundiyang'ana chifukwa sindinenso mkamwini wawo.

"Muyende bwino, bambo," anatero. "Mukapita pamseu muzipatukako, madzi akumwa tili nawo."

Ndi mawu abwino, amene timauza mlendo aliyense wakhalidwe. Anandiikira phava la nthochi pa mpando wakumanzere, ndipo ana anathamangira galimoto mpaka pa tala monga mwa masiku onse. Ndinafika ku Boma dzuwa likali pamutu, chifukwa tsopano palibe chondichedwetsa panjira. Nthochizo ndagawira anthu oyandikana nawo, ndekha sindingazithe zisanaole.

Musandidere nkhawa mopitirira. Ntchito ilipo yambiri, mvula ikayandikira aliyense amakumbukira kuti thalakitala yake ndi yakufa. Chimene sindikudziwa ndi kumene ndidzalowere Loweruka likubwerali. Ngati ku mgodi angakupatseni tchuthi cha Khirisimasi, bwerani, akulu, ngakhale masiku ochepa. Ndidzakuchingamirani pa siteji ya basi, ndipo mudzalankhule njira yonse, zilizonse zimene mungafune, ngakhale zondinyoza. Ndikupempha zimenezi mopanda manyazi.

Mundiperekere moni kwa alamu a Mildred, muwauze kuti malaya amene anasoka aja ndimavala Lamulungu lililonse. Moni kwa Jennipher, alimbikire sukulu, ndi kwa Fabian, amene ndikumva kuti wayamba kumasula njinga za anthu osapemphedwa. Musamumenye kwambiri, magazi ndi omwewo. Moni kwa onse a kwathu amene mumakumana nawo kutchalitchi kumeneko. Pamzere uno mpamene mwini nyumba Anastazia ankandilanda cholembera kuti aikepo mawu ake kwa alamu ake ndi ana, ndipo ndadikira pang'ono ndisanapitirize. Kuno wopereka moni ndine ndekha.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mng'ono wanu,
Eustace Miti.